Ku Majaua mimba siidikira Ruo kuphwa

Munthu wochokera ku Mulanje akafuna kukafika ku Majaua motsata malamulo, amayamba wadinditsa chiphaso pa Muloza kenaka n'kuoloka mlatho kulowa m'tauni ya Milange, yomwe idakhala m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Akatero amausiya msewu watala wopita ku Mocuba n'kukhotera chakum'mwera pa msewu wafumbi. M'chilimwe msewu umenewu ndi wa njinga zamoto ndi zakapalasa zosenza matumba a chimanga, nyemba ndi nandolo, koma m'dzinja ndi wa yekhayo amene ali ndi mtima wokankha galimoto m'matope. Eni dera sazungulira choncho ayi. Iwo amangotsetserekera ku Ruo, n'kukwera bwato kapena kuvula nsapato ngati madzi achepa, basi afika ku Malawi.

Majaua ndi limodzi mwa madera a boma la Milange m'chigawo cha Zambezia. Mbendera ya pa ofesi ndi ya Mozambique ndipo m'kalasi ndi m'makalata a boma chilankhulo ndi Chipwitikizi, koma pa msika anthu amatsatsana malonda m'Chichewa, ena m'Chilomwe. Nkhondo itangotha ndalama ya kwacha inkayenda kuno kuposa metical. Wailesi za m'nyumba zimagwira Thumbine ya ku Milange pamodzi ndi za ku Malawi, ndipo maukwati sadziwa malire: mwamuna wa ku Thyolo amakalowa chikamwini tsidya lina, mlongo wake n'kukwatiwa ndi wa komweko. Ngakhale mphepo ya chiperoni yomwe imazizitsa Thyolo ndi Blantyre mu Juni ndi Julayi idatenga dzina ku phiri la Chiperone lomwe lili m'boma lomweli la Milange.

Nthaka yake ndi yachonde kotero kuti m'zaka za njala midzi yambiri ya ku Mulanje ndi Thyolo yadyera chimanga cha kuno. Koma mtsinje womwe umalumikiza anthuwa ndi womwenso umawatsekera. Ruo amatsika m'phiri la Mulanje, ndipo mvula ikagwa usiku kuphiriko, kumunsi kumacha mtsinje utadzaza ngakhale kumeneko kusadagwe dontho.

Tsiku lomwe galimoto ya achipatala yafika m'mudzi wotere madzi atangophwa limakhala ngati la msika. Uthenga umakhala utayenda dzulo lake kudzera kwa amfumu ndi m'matchalitchi. Dzuwa likamakwera tebulo laikidwa kale pansi pa mtengo wa mango, makatoni atsegulidwa, mzere watalika mpaka kumsewu. Ambiri pa mzerepo ndi amayi, aliyense mwana kumsana wina kudzanja. Ana amayezedwa malungo ndi kubayidwa katemera, otsekula m'mimba amalandira timapaketi ta thanzi, ndipo zitsime zimathiridwa klorini. Ntchito imeneyi ndi yotamandika ndipo yapulumutsa ana ochuluka zedi. Koma mayi uja akamaliza kufotokoza za mwana, anamwino n'kumufunsa ngati iye mwini ali bwino, yankho limakhala la mutu kapena msana. Amalandira panado n'kumapita.

Sikuti mayiyo wanama, mutu ukumupwetekadi. Koma chomwe chamuyendetsa mtunda wonsewo sangachitchule pa tebulo la pabwalo, kumbuyo kwake kuli apongozi, kutsogolo kuli mnyamata womasulira Chipwitikizi yemwe ndi mwana wa alamu ake. Nkhani za kumwezi, za kulera ndi za zilonda zobisika sizikambidwa pamaso pa amuna, ndipo ngakhale pa amayi okhaokha zimayenda mokuluwika. Woyembekezera amati ndi wodwala, wobereka amati wachira. Womasulira wachibwana akamva mayi akuti ndi wodwala amangopereka mawuwo monga aliri, ndipo namwino wochokera ku Quelimane amayamba kufunsa pomwe pakupweteka, chonsecho mayiyo wanena kale nkhani yonse.

Anthu a dera lino thandizo la alendo sadayambe kuliona dzulo. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula m'chigawo cha Zambezia, tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo mu Seputembala 1986, ndipo asilikali a boma adailandanso mu Juni 1988 itasanduka bwinja. Minda ya tiyi idamera tchire. M'dziko lonse la Mozambique pafupifupi theka la zipatala za kumidzi lidaotchedwa, kuberedwa kapena kutsekedwa. Anthu adaolokera ku Malawi, ena kwa abale, ena m'misasa monga pa Muloza ndi ku Chiringa, pomwe a kumunsi adakadzaza misasa ya ku Nsanje monga Tengani, Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Pofika 1992 dziko la Malawi linkasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni.

M'misasa imeneyi mudachitika chinthu chomwe ophunzira za umoyo amawerengabe mpaka lero. M'chaka cha 1990 anthu pafupifupi 18,000 adadwala pelagra, nthenda yomwe imathetheula khungu la m'khosi ndi m'manja ngati lapsa ndi moto, imatsegula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Gwero lake lidali mtedza. Pa chakudya cholandira pankakhala ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza, ndipo mtedzawo utasiya kubwera kwa miyezi ingapo anthu adatsala ndi nsima ya chimanga, yomwe payokha sipatsa thupi vitamini wa niacin wokwanira. Madotolo a Médecins Sans Frontières ndi anzawo atawerenga odwala adapeza kuti amayi ankagwidwa ndi nthendayi kuposa abambo maulendo oposa 7. Khadi la chakudya lidali limodzi, muyeso udali wofanana. Komatu aliyense wokulira kumudzi amadziwa yemwe amadya pomalizira ndiwo zikachepa, ndiponso yemwe amatuluka kukagwira ganyu n'kulawako usipa kapena kanyenya panjira.

Masiku amenewo mabungwe othandiza ankathamangira chakudya, madzi, katemera wa chikuku ndi kolera, ndipo sangadzudzulidwe kwambiri chifukwa kolera idaphadi anthu ku Mankhokwe mu 1988 ndi ku Nyamithuthu mu 1990. Sikelo ya amayi inalipo apo ndi apo. Koma za kulera, za matenda opatsirana pogonana ndi za amayi omwe adagwiriridwa panjira yothawa zinkabwera kumapeto, ngati zabwera n'komwe. Ku Malawi kwenikweniko njira zolera zidaloledwanso mu 1982 m'dzina la kulekanitsa ana basi, ndipo mpaka 1992 mayi ankafunika chilolezo cha mwamuna wake. Nanga mayi wa mumsasa yemwe mwamuna wake adatsala kunkhondo chilolezocho akadachitenga kwa yani?

Zinthu zidayamba kusintha mu 1994. Chaka chimenecho bungwe la Women's Commission for Refugee Women and Children lidatulutsa lipoti losonyeza kuti m'misasa yambiri padziko lapansi thandizo la uchembere lidali lopereweratu, ndipo msonkhano wa maiko onse wa ku Cairo mu Seputembala udavomereza kuti mayi wothawa kwawo ali ndi ufulu wolandira thandizolo monga mayi wina aliyense. Mu 1995 mabungwe monga UNHCR, UNFPA ndi WHO adakhala pamodzi ndi ena n'kugwirizana za thandizo loyambirira lomwe liyenera kufika tsoka likangogwa, lomwe m'mabuku mwawo amalitcha MISP. Pa nthawiyo n'kuti a ku Majaua atabwerera kale. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndipo pofika 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko 6 oyandikana nawo. Adakapeza minda ndi mitengo ya mango yokha, zipatala kulibe, choncho amayi ambiri sadaleke kuoloka Ruo kupita ku sikelo yomwe adaizolowera.

Masamu omwe mabungwewa amagwiritsa ntchito ndi osavuta. Pa anthu 100 alionse omwe asonkhana pa msasa, pafupifupi 4 amakhala amayi oyembekezera, ndipo pa oyembekezera 100 alionse, pafupifupi 15 adzakumana ndi vuto lofunika achipatala. Ndiye kuti pa sukulu pomwe pathawira anthu 1,000 pali amayi 40 otere, ndipo 6 mwa iwo sadzachira bwinobwino popanda thandizo. Palibe yemwe angaloze kuti ndi uyu ndi uyu, ngakhale mzamba wodziwa chotani.

Chimodzi mwa zomwe zidatuluka m'mgwirizano uja ndi kaphukusi komwe mayi wotopa amapatsidwa m'manja. M'kati mwake muli pepala la pulasitiki loyala pansi, lezala yatsopano, timaulusi tomangira mchombo, sopo, magolovesi ndi kansalu kofunditsa khanda. Ndi kotsika mtengo ndipo kamateteza mayi ndi mwana ku kafumbata ndi matenda ena olowera pa chilonda. Koma kaphukusi sikaletsa magazi. Mayi yemwe wayamba kutaya magazi atangochira akhoza kumwalira m'maola awiri okha. Jakisoni wa oxytocin yemwe amakhwimitsa chiberekero amafuna kusungidwa mozizira, ndipo apa mpomwe nkhani ya amayi imakumana ndi nkhani ya magetsi. Ku Majaua kuli makina aang'ono opangira magetsi ndi madzi a Ruo, omwe bungwe la boma la FUNAE lidakonza mothandizidwa ndi European Union, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 adawaononga. Magetsi akazima firiji imasanduka kabati. N'chifukwa chake mapiritsi a misoprostol, omwe safuna firiji, ndi ofunika kwambiri m'madera otere.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Galimoto ya achipatala imafika m'mawa ndipo dzuwa likapendeka oyendetsa amayamba kuyang'ana kumwamba, chifukwa mvula ikawapeza kuno agona panjira. Pomwe matenda a uchembere amakonda usiku. Mayi akavutika mpaka tambala woyamba mwana osatuluka, azamba amatuma mwana kukadzutsa mwamuna, mwamuna naye sangagamule yekha, amakadzutsa atsibweni a mkaziyo omwe ndi eni mbumba. Pokambirana za ndalama ya njinga yamoto ndi za yemwe aperekeze, ola lapita. Ngati mayiyo sangathe kukhala pa njinga, anyamata amadula mitengo n'kumanga machira.

Akatuluka m'mudzi njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya ku chipatala chaching'ono cha m'deralo, komwe vuto likakula amatumizidwa ku chipatala chachikulu pa boma la Milange. Kumeneko ndiko kuli opareshoni. M'zipatala za m'maboma ku Mozambique ochita opareshoni yotulutsa mwana kawirikawiri si madotolo koma akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia, omwe dzikolo lidayamba kuphunzitsa mu 1984 madotolo ali ochepa kwambiri, ndipo kafukufuku adasonyeza kuti ntchito yawo siichepa pa ya madotolo. Njira yachiwiri ndi yooloka Ruo kupita ku zipatala za ku Thyolo ndi Mulanje monga Thekerani, Malamulo ndi Mulanje Mission, zomwe zakhala zikulandira odwala a tsidya lino kwa zaka zambiri. Pa masiku abwino banja limasankha yapafupi. Pa masiku a chigumula zonse ziwiri zimatsekeka tsiku limodzi, msewu wadulidwa ndi mitsinje, wopalasa bwato wakokera bwato lake kumtunda.

Masiku oterewa achuluka. Mu Januwale 2015 madzi adadula mlatho wa Licungo pa Mocuba ndipo kumwera kwa Malawi kudamira. Mu Januwale 2022 kudabwera namondwe wa Ana, mu Malichi chaka chomwecho Gombe. Usiku wa pa 11 Malichi 2023 Freddy adagwera kumtunda pafupi ndi Quelimane, n'kukakhuthula mvula pa Mulanje, Phalombe ndi Blantyre kwa masiku angapo. Ku Malawi anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo, pomwe ku Quelimane kolera idabuka mwamphamvu. Madzi omwe adagumula phiri la Mulanje sadaime pa malire kudinditsa chiphaso, adadutsa mu Ruo yemweyu.

Anthu akathawa madzi amakathera m'sukulu ndi m'matchalitchi, amayi ndi ana chipinda chawo, abambo chawo. Owerenga anthu amalemba mabanja, mabulangete ndi ndowa. Chomwe sichilembedwa ndi nsalu za kumwezi. Mayi wa kumudzi ali ndi tinsalu take tomwe amachapa mobisa n'kuyanika m'nyumba pomwe diso la mwamuna kapena la mwana silifika, ndipo tinsalu timeneti timapita ndi madzi pamodzi ndi nyumbayo. M'kalasi ya anthu 60 ayanika pati? Ambiri amang'amba chitenje chimodzi chomwe adathawa nacho, n'kuvala nsalu yosauma, mapeto ake ndi zilonda ndi kuyabwa komwe sangakanene pa tebulo la pansi pa mango lija. Mabungwe tsopano amagawa ndowa zokhala ndi mapadi, sopo, kabudula wam'kati, chitenje ndi tochi. Tochiyo ena amaiona ngati chinthu chapamwamba, koma mtsikana yemwe chimbudzi chili kuseri kwa bwalo la mpira amadziwa ntchito yake.

Pali nkhani ina yomwe anthu sakonda kuimva. Chakudya chikachepa, wogwira kaundula amasanduka mfumu. Namondwe wa Idai atawomba mu Malichi 2019, bungwe la Human Rights Watch lidaulula kuti m'chigawo cha Sofala atsogoleri ena a m'midzi ankakakamiza amayi kugona nawo kuti maina awo alowe pa mndandanda wa olandira chakudya. Mayi wogwiriridwa ali ndi maola 72 kuti ayambe mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, ndi maola 120 kuti amwe mapiritsi oletsa mimba. Galimoto yomwe imabwera kamodzi pa masabata awiri singakwanitse nthawi imeneyi. Ndipo ngakhale itafika tsiku lomwelo, mayiyo sadzatsegula pakamwa ngati palibe tenti yokhala ndi chotseka ndi mayi mnzake womumvera m'chilankhulo chake.

Madzi amatenganso mapepala. Kuyambira 2011 ku Malawi, ndi 2013 ku Mozambique, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo ndipo sayenera kudumphitsa, kuti mwana abadwe ndi kuyamwa wopanda kachilomboko. Wolera ndi jakisoni amabayitsa miyezi itatu iliyonse. Botolo ndi kabuku zikakokoloka, mayiyo amangodziwa maonekedwe a piritsi ndi nthawi yomwe amamwa. Kwa amayi a m'malire vutoli ndi lowirikiza, chifukwa ambiri dzina lawo lili m'kaundula wa chipatala cha tsidya lina. Amene kabuku kawo kadapulumuka amatulutsa ka ku Malawi kolembedwa m'Chingerezi, namwino n'kumakatembenuza uku ndi uku. Ena amakabisa dala poopa kukalipiridwa kuti adathawa chipatala cha dziko lawo. Miyezi isanu ndi inayi itadutsa chichokereni madzi, mabungwe atalongedza matenti, m'midzi mumabadwa ana omwe amayi awo sadawakonzekere.

Otsala m'mudzi galimoto ikapita ndi anthu awiri. Woyamba ndi wazaumoyo wa m'mudzi yemwe ku Mozambique amamutcha APE, wokhala ndi kachikwama ka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Wachiwiri ndi mzamba. Boma la Malawi lidaletsa azamba kubereketsa mu 2007 ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 2010, pomwe ku Mozambique amalimbikitsidwa kuperekeza amayi kuchipatala. Mfundo yoti mayi achirire kuchipatala ndi yoona ndipo palibe woitsutsa. Koma usiku womwe Ruo wadzaza, mzamba ndiye chipatala chomwe chilipo. Gulu la achipatala lomwe limafika n'kuyamba lakhala pansi ndi azamba ndi anankungwi limadziwa m'mphindi zochepa nyumba zomwe muli amayi otopa, mtsikana yemwe ali ndi pakati poyamba ndi mayi yemwe adachitidwapo opareshoni. Lomwe limangofikira kwa amfumu ndi a komiti limapatsidwa chiwerengero cha nyumba zakugwa.

Palinso amayi omwe pa mzere saonekapo n'komwe. Awa ndi omwe adavutika masiku awiri kapena atatu mwana atapingasa, mwanayo n'kufera m'mimba, iwo n'kutsala akudontha mkodzo usana ndi usiku. Nthendayi, ya fistula, imachira ndi opareshoni. Ku Quelimane wansembe wa ku Italy yemwenso ndi dotolo, Bambo Aldo Marchesini, adasoka amayi ambiri otere ndi kuphunzitsa ena ntchitoyo, ndipo mu 2014 bungwe la United Nations lidamupatsa mphotho. Koma kuchoka ku Milange kukafika ku Quelimane ndi makilomita oposa 300, ndipo mayi yemwe amaopa kukhala pa mkeka wa mnzake sangakwere basi yodzaza anthu popanda womulimbitsa mtima. Pa msasa mayi wotere amagona panja pa kalasi.

Kumapeto kwa Disembala 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zidathawitsa anthu zikwizikwi a m'boma la Morrumbala, loyandikana ndi Milange, kupita ku Nsanje, ndipo msasa wa Nyamithuthu udatsegulidwanso patatha zaka pafupifupi 30. Ambiri mwa othawawo adali amayi ndi ana, monga zidalili mu 1986.

A ku Majaua adaphunzira kuwerengera okha. Pa zipatala zambiri za ku Mozambique pali nyumba yodikirira ya amayi oyembekezera, casa de espera, ndipo ku Malawi nakonso amayi amapita kuchidikiro. Chovuta chake ndi choti miyezi ya mvula ndi yomwenso ya kupalira ndi ya njala, ndiye mayi akachoka pakhomo masabata atatu munda umalowa tchire ndipo thumba la ufa limagawidwa pawiri. Ngakhale zili choncho, mu Novembala mitambo ikayamba kusonkhana pa Chiperone, pa madooko a Ruo pamaoneka amayi otopa akutsetsereka pang'onopang'ono, kumbuyo kuli amayi awo kapena achemwali awo atasenza beseni. M'besenimo muli zitenje, pepala la pulasitiki, lezala, ulusi, poto ndi kathumba ka ufa. Wopalasa bwato amawakhazika pakati pomwe sipagwedera kwambiri, ndipo mayi wotopayo amalipira mtengo wa munthu mmodzi.